Mphindi Khumi ndi Ziwiri za Mtsikana Wosesa M'ndege

Masamu anamugwetsa kawiri pa mayeso mtsikanayu. Ulendo wachiwiriwo, azakhali ake, amene anamulera makolo atamwalira, anayang'ana pepala la zotsatira n'kulitembenuza, ngati kuti kuseri kuli zabwinoko.

"Mwana wa achimwene, mutu uli nawo ndithu, koma ndi wosenzera ndowa," anatero.

Anzake anamupatsa dzina loti Ziro, ndipo linamukakamira ngati nkhupakupa.

Ntchito imene anapeza inali yosesa m'ndege zikatera: kutola zinyalala, kupinda malamba, kupala chingamu kunsi kwa mipando. M'bini ya oyendetsa ndege ankapezamo mapepala odzaza manambala, n'kumawabisa m'thumba la yunifolomu. Chinthu chimodzi chinamuzunguza mutu. Mizinda yomweyo, ndege yomweyo, koma popita imachedwa, pobwera imafulumira.

Tsiku lina anafunsa woyendetsa ndege wina: "Pepani akaputeni, kodi pobwera mumadzera chidule?"

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Kumwamba kulibe chidule, mwanawe. Kuli mphepo."

Kwa zaka ziwiri, nthawi yopuma ikakwana, Ziro ankakhala pa ndowa yovundikira n'kumalimbana ndi mapepala aja.

Kenako kampani inalengeza kuti iphunzitsa munthu mmodzi ntchito yowerengera nthawi ndi mafuta ndege isananyamuke. Mmodzi yekha! Ntchito yosesa inali kutha mwezi womwewo, ndipo azakhali anali atayamba kale kumusakira mwamuna.

Ziro analembetsa nawo mayeso osankhira munthuyo. Funso lomaliza linali ili, ndipo nanunso liyeseni. Mizinda iwiri yatalikirana makilomita 1,200. Ndege imathamanga makilomita 800 pa ola. Mphepo ya makilomita 200 pa ola ikuitsekereza popita, n'kuikankha pobwera. Kupita ndi kubwera ndi nthawi yaitali bwanji?

Mnyamata wa digiri ndi taye yofiira sanagwire n'komwe cholembera. "Maola atatu, bwana! Chimene mphepo yalanda popita imabweza pobwera."

Ena onse anagwedezera mitu. Ziro anakweza dzanja lonunkhira sopo.

"Popita ithamanga 600, ndiye maola awiri. Pobwera 1,000, ndiye ola limodzi ndi mphindi 12. Zonse pamodzi, maola atatu ndi mphindi 12. Mphepo sibweza zonse, bwana. Imakuzunza nthawi yaitali, n'kukuthandiza pang'ono."

"Aaa, chemwali, timphindi 12 tokha!" anatero wa taye uja.

"Mafuta a timphindi timeneto mukawagula kuti m'mitambo, achimwene?"

Woyesa mayeso anavula magalasi. "Mwachokera sukulu iti, mayi?"

"Ya pansi pa mipando, bwana."

"Lolemba mubwere ndi cholembera. Tsache musiyire ena."

Ziro anatuluka mwaulemu, natseka chitseko pang'onopang'ono. Kenako anathamanga khonde lonse akukuwa, mpaka alonda anadza ndi zibonga, poganiza kuti kwabuka moto!

Inu amene mwakanidwa lero, musadziweruze msanga. Chimene chikukuzunguzani mutu, chigwireni pakhosi mpaka chiyankhe. Mtima wokha musautaye.