Tsiku limene mfuti inaperekezedwa

Amuna a anzanga pobwera kuchokera ku Joni ankabweretsa malata, njinga zamoto ndi mabulangete. Anga anabwera ndi jekete lachikopa ndi mtima wofuna kuti anthu awadziwe. Pasanapite nthawi anagula mfuti kwa mkulu wina wa ku esiteti ya fodya, n'kukailembetsa kupolisi, laisensi n'kutuluka. Ndikawafunsa za malata ankangoti, "Malata athamangitsa anyani?"

Za anyanizo sankanama. Munda wathu uli m'munsi mwa phiri kuseri kwa Namwera, ndipo anyani akumeneko amakolola ngati tinalima nawo. Mfuti ikalira kamodzi ankasowa kwa masiku, chimanga n'kupuma. Koma anyani sapita kumsika, samwa tiyi m'tiyirumu, sasewera bawo. Mfuti yokha ndi imene inkapita konseko, ili paphewa pa eni ake, iwo akuyenda mwapang'onopang'ono kuti aliyense aione bwino. Amuna anga ndi aafupi, ndiye mfutiyo inkaoneka poyamba, iwo pambuyo.

Ndinkawaseka, koma panali china chimene sindinkaseka. Popita ku Joni anandisiya ndi mwana wathu woyamba, wamwamuna, ali kumsana. Malungo anamutenga asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo uthenga unawapeza maliro ataikidwa kale. Amene anamunyamula kupita naye kumanda ndi achimwene anga. Amuna anga atabwerera, achimwenewo anafuna kuwaperekeza kumanda, koma iwo anangoti, "Zinatha izo, alamu." Sanapite, ndipo dzina la mwanayo sanalitchulenso. Tinabereka ana ena, tinakula nawo, koma ine nkhaniyo inkandiwawabe.

Chaka china kunabwera wapolisi watsopano, mnyamata waulemu, wosakweza mawu. Sanawagwire amuna anga pamsika pagulu. Anabwera kunyumba, ndinamupatsa mpando pakhonde, ine n'kukhala chapakhomo ngati ndikusankha nyemba.

"Bambo, laisensi yanu ndi yabwinobwino, sitikukana," anatero. "Koma munapempha kuti muziteteza mbewu kumunda. Nanga pamsika pali mbewu yanji?"

"Pali tomato," anayankha amuna anga.

Wapolisi anaseka, nanenso nyemba zinanditayika. Kenako anafotokoza mofatsa. Kuno kuli anthu ambiri amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, ena ali ana, ndipo akaona mfuti paphewa la munthu wopanda yunifolomu tiyi amawakanika kumeza. Kukhala ndi mfuti ndi nkhani ina, kuyenda nayo poyera pakati pa anthu ndi nkhani inanso. Akafuna kudutsa nayo pagulu, ikhale yopanda chipolopolo, yomasula, yokulunga, munthu asadziwe n'komwe.

"Ndikadzaionanso poyera, idzagona kwathu, ndipo laisensi simudzaionanso. Paja nthawi yokonzanso laisensiyo yakwana. Mubwere nayo tidzaone nambala yake, koma mubwere nayo monga ndanenera."

Atachoka, amuna anga anadandaula mpaka dzuwa kupendeka. "Boma lomwelo landilola, boma lomwelo likuchita nayo manyazi. Mfuti yobisa ndi mfutinso?" Ine ndinawakumbutsa kuti chimanga chayamba kumasula, ndipo mfuti ikalandidwa tidzakhala tikulimira anyani. Pamenepo madandaulo anatha.

M'mawa wa tsikulo anaimasula, chitsulo pachokha, mtengo pawokha, n'kuziphatikiza. Ndinawapatsa thumba la feteleza.

"Ndi chinangwa ichi?"

Ndinawapatsa chitenje changa cha maluwa.

"Inu, mfuti yanga ivale maluwa?"

Basi anatsegula okha sutikesi, natenga kabulangete kuti chitsulo chisakalike, ndi shiti yoyera ya ku Joni imene tinkasungira alendo. Anakulunga bwinobwino, namanga ndi timizere tansalu kumutu, pakati ndi kumapeto. Ndinauyang'ana mtolowo ndipo unandikumbutsa chinachake, koma mtima unakana kuchitchula. Iwo anavala mkanjo wa Lachisanu ndi chisoti chake, poti akupita kwa aboma. Paphewa analetsedwa, ndiye anaunyamula m'manja, pachifuwa, nkhope ili ndwii chifukwa chonyanyala. Ine ndinkatsatira pambuyo, ndikukagula mchere.

M'mudzi mwathu tinadutsa anthu ali kumunda. Titafika pamsewu, mnyamata wa kabaza amene ankabwera kutsogolo kwathu anatsika panjinga, wokwera wakenso n'kutsika, onse n'kuima pambali. Amuna anga anacheuka.

"Mwaona? Ngakhale yakulungidwa, akuidziwa."

Pa mjigo amayi anasiya kupopa, macheza n'kuduka. Bambo wina wa kutchalitchi anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Amuna anga anawongola khosi. Ulemu umene anaufunafuna zaka zonsezi ndi mfuti paphewa unali utabwera wokha, ndipo ankaulandira ndi mutu, uku ndi uku, ngati phungu.

Tinalowa m'mudzi wina kumene satidziwa kwenikweni. Pakhonde pa mzikiti panali azibambo, ndipo atatiwona anadzuka onse n'kuyamba kuyenda pambuyo pa amuna anga. Kwathu kuno maliro sadutsa okha. Mwamuna akakumana nawo amaperekeza, amalandirako, ngakhale sakudziwa kuti ndi a ndani. Ndipo khanda siliikidwa pa jeneza, chithatha cha maliro chija, ngati wamkulu, limanyamulidwa m'manja, lokulunga mu nsalu yoyera.

Ine ndinazindikira pamene mayi wina anandigwira pachigongono.

"Amayi, inu simungapitirire, kumanda n'kwa azibambo. Khalani kuno ndi ife. Pepani, pepani ndithu."

Phwete linandikwera. Ndinatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo amayiwo anandigwira mwamphamvu poganiza kuti ndikomoka. Wina anathamangira madzi. Ndinawapulumuka movutikira n'kumatsatira chapatali, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, zomwe zinangowonjezera umboni.

Gulu linali litakula. Ena ankanong'ona mapemphero, ena ankafunsana kuti ndi mwana wa ndani, nanga bwanji sikunamveke uthenga. Mkulu wina wa ndevu zoyera anayandikira amuna anga n'kutambasula manja.

"Tilandireko, achimwene. Mwatopa."

Apo m'pamene anga anaima n'kucheuka, n'kuona khamu lonselo, mitu ili pansi. Ndinaona nkhope yawo ikuzindikira. Kuupereka mtolo sakanatha, poti mkuluyo akanamva chitsulo. Kuumasula sakanatha, poti mfuti ikanaonekera pagulu lalikulu kuposa la pamsika, nkhani n'kukafika kupolisi iwo asanafike. Ndinadikira kuti akalipe, monga amachitira zikawathina.

Sanakalipe. Anayang'ana mtolo uja kwa nthawi, nsalu yoyera, timfundo tija, kulemera kwake m'manja. Kenako anaukumbatira pachifuwa.

"Ayi, bambo. Uyu ndinyamula ndekha."

Mawu anatuluka osweka. Anayambanso kuyenda, ndipo misozi inkatsika mpaka kudontha pa mkanjo. Chikwatirane sindinawaonepo akulira. Kuseka konse kunandithera pomwepo, chifukwa ndinadziwa amene amunyamula.

Anayenda choncho mpaka pamphambano pamene kanjira kamapatukira kumanda a m'mudzimo. Azibambo anayamba kukhota, koma iwo anaima.

"Abale anga, mundikhululukire. Muno mulibe mwana. Muli mfuti, ndikupita nayo kupolisi. Anati ndikulunge."

Wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka, ena n'kulandira. Wina anadandaula kuti wasiya tiyi akuzizira, wina kuti watseka okala chifukwa cha mfuti. "Ndiye tikanaiika m'manda, mukanati chiyani kupolisi?" anafunsa wina. Amuna anga anangoweramitsa mutu, osapukuta n'kumaso komwe.

Mkulu wa ndevu uja yekha sanaseke.

"Munthu salirira mfuti chonchi, achimwene. Wanu munaika liti?"

"Sindinaike, bambo. Ndinali ku Joni."

Mkuluyo anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri n'kunena kuti pepani. Amene anali pafupi anamva, kuseka n'kuzilala. Mmodzimmodzi anabwera kudzawagwira dzanja, ngakhale wa okala uja. Anthu osawadziwa anawapepesa maliro amene kwawo anawakana, iwo ali chiimire pamsewu, mfuti ili m'khwapa.

Kupolisi nkhani inali itatitsogolera, monga zimakhalira. Wapolisi uja anayang'ana nambala, nalemba zolemba zake, akulimbana ndi milomo kuti isaseke.

"Mwakulunga bwino kwambiri, bambo, lamulo mwalitsata. Koma ulendo wina, chonde, nsalu ikhale yamaluwa."

Ine ndinati nditsokomole powakumbutsa za chitenje anachikana chija, koma ndinawamvera chisoni. Mchere ndinaiwala kugula. Pobwerera mfuti inali mu chitenje changa chapamwamba, shiti yoyera nditaipinda pansi pa dengu, ndipo panalibe amene anatsika panjinga. Mpaka lero imayenda mu thumba la feteleza, kuchoka kunyumba kupita kumunda basi, ndipo anyani sanadandaulepo kuti yachepa ulemu.

Koma tsikulo sitinalunjike kunyumba. Titafika m'mudzi, amuna anga anakhotera kwa achimwene anga, amene tinawapeza akusoka fodya m'chigafa. Anandipatsa mfuti kuti ndiigwire, osayang'ana n'komwe kuti ndaigwira bwanji.

"Alamu," anatero, "kandionetseni pamene munamugoneka."

Achimwene anandiyang'ana, nayang'ana iwo, napukuta manja n'kutsogola. Ine ndinatsala pakhonde, poti amayi sitipita kumeneko, ndikuwaona akulowa m'kanjira ka m'mitengo, wamtali patsogolo, wamfupi pambuyo. Anakhalitsa.

Atabwera anadzakhala pambali panga pa mkeka, maondo a mkanjo ali fumbi lokhalokha. Anandifunsa ngati mwanayo anali atamera mano, ndipo pofunsapo anamutchula dzina.