Masiku Asanu ndi Anayi Popanda Kolona

Anandiyitana Lachiwiri la sabata yachitatu ya Lenti, dzuwa lili paliwombo, dengu la tiyi lili kumsana. Mlonda wa esiteti anaima kumapeto kwa mzere wanga.

"Mayi, tulani dengulo. Akukufunani ku ofesi."

Ndinali wothyola tiyi, mayi wamasiye wa ana atatu. Ndinkachoka pakhomo kusanache n'kubwerera miyendo italema, moti pemphero linkandithera pakamwa ndi tulo. N'chifukwa chake ine ndi anzanga anayi a Katolika tinkakhala pansi pa bulugamu nthawi yopuma masana, kuchita kolona pang'ono ndi kuwerenga salimo limodzi. Manambala a masalimo a sabata yonse ndinkawalemba pakapepala.

Ku ofesi ndinapeza apolisi awiri. Loweruka lapitalo shedi yoyezera tiyi inali itatenthedwa pa mkangano wa malo pakati pa esiteti ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo munthu wina anakanena kuti pabulugamu pamachitika misonkhano.

Kupolisi anandilanda kolona. "Mungadzimangirire nayo," anatero wapolisi wamkazi, osandiyang'ana.

Lachitatu m'mawa wofunsa mafunso anayala kapepala kanga patebulo.

"27, 31, 91. Minda imeneyi mumafuna kuichita chiyani?"

"Si minda, bwana. Ndi masalimo."

"Shedi yapsa ija ili m'munda 27. Mukuti zangochitika?"

"Tsegulani Baibulo, muona nokha."

"Musandiphunzitse ntchito. Anzanu anayi aja ndani?"

Ndinati sinditchula munthu. Zimene zinatsatira sindizilemba zonse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'chitokosi tinalimo amayi asanu ndi awiri ndi ndowa imodzi. Kumunda ndinkadandaula kuti nthawi ya Mulungu ndilibe. Apa nthawi inachuluka, koma mawu anauma. Masiku awiri ndinangoyang'ana khoma, ndikuganiza za ana, mtima utakwiyira Mulungu yemweyo.

Loweruka, mayi wina wa Sabata wochokera ku Masambanjati anandigwira phewa.

"Akulu, paja akumangirani masalimo? Tatiuzeniko limodzi, lero ndi tsiku lathu lopembedza."

Ndinayamba monyinyirika. Pomwe ndinaiwala, iwo anandikumbutsa. Kenaka ndinachita kolona powerenga zala, iwo akuyimba chapansipansi m'Chilomwe. Sindinganene kuti mantha anatha. Lolemba apolisi anandiyitananso, koma mayina aja sanatuluke.

Lachinayi anatsegula chitseko. "Pitani. Mlandu palibe." Wotentha shedi anali atapezeka kwina. Palibe anapepesa, ndipo ku esiteti mzere wanga anali atapatsa wina. Ana ndinawapeza kwa achemwali anga. Wamng'onoyo anandiyang'ana nthawi yaitali asanabwere pafupi.

Patapita miyezi ndinadziwa amene anakandinenera. Ndi mayi wa mutchalitchi mwathu momwemo, amakhala benchi yakutsogolo kwanga. Ndinkayesa kuti ufulu ndi kutuluka pachitseko cha chitsulo chija, koma Lamulungu lililonse ndimaona kuti mbali ina ya ine ikadali m'kati. Sindinawakhululukirebe, ndipo Mulungu ndimamuuza zimenezo mosabisa. Koma pa Misa, nthawi yopatsana moni wa mtendere ikafika, iwo amatembenuka maso ali pansi, ine n'kutambasula dzanja.