Timaluwa ta Kumunsi kwa Dimba la a Felista

A Felista Ignasio a ku Ndunde sukulu analekezera sitandade folo, koma pa za m'dambo panalibe wowaposa. Amuna awo atamwalira anatsala ndi dimba la mpiru ndi tomato. Kumunsi kwake kunali kachigawo kodikha madzi mvula ikakhazikika, ndipo sankakalima. Chaka ndi chaka, cha mu Febuluwale, pankamera timaluwa tofiirira tosafika n'komwe m'mawondo. Dambo likauma tinkafota, n'kusiya njere m'matope.

Chaka china chimanga cha alamu awo, a Francisko, chinapinimbira. Iwo analoza chala timaluwato. Anatulukira m'mawa atabereka sipuleya yopopera mankhwala, anthu a madimba oyandikana akuwatsatira.

"Mukuweta kaufiti, alamu! Njere zake zikuulukira m'munda mwanga."

A Felista anakwinya chitenje, nalowa m'madzimo n'kuima pakati pa maluwa.

"Muyambe mwapopera ine."

"Musandichititse manyazi pagulu."

"Manyaziwo mwabwera nawo nokha. Dikirani pomwepo."

Anatuluka ndi matope awo, nakwera mtunda mpaka m'munda mwa a Francisko. Anakumba phata la chimanga chodwala limodzi ndi kaufiti wake, nabwerera nalo. Kenako anazula kaduwa kamodzi ka m'madzi.

"Gwirani uyu," anauza anthuwo, akuwapatsa kaufitiyo. "Wokhakhala ngati lilime la mphaka. Onani mizu yake, yaluma muzu wa chimanga. Tsono gwirani aka. Kosalala, mizu yake yoyera, yakeyake, sikayamwa mnzake. Kaufiti wa m'chimanga munamuonapo ataima m'madzi? Amakonda nthaka yoguga, alamu, ngati yanuyo."

Ena anaseka. A Francisko anafunsa mokalipa, "Nanga dzina lake n'chiyani?"

"Sindilidziwa. Mayi anganso sankalidziwa. Ndiye chilichonse chosowa dzina tizichipha?"

A Francisko anabwerera mankhwala ali chidzadzire. Zaka ziwiri zathunthu sanawapatse moni, ndipo manyowa a mbuzi amene a Felista anawapititsira anawabweza pa njinga. A Felista sanapepese. Manyowawo anathira mu tomato wawo.

Pano miyendo ikuwavuta, dimba analichepetsa. Mwana wawo Veronika anati adzale nzimbe pa kachigawo kaja, poti pakungokhala.

"Pakungokhala kwa iwe," anamuyankha. "Nzimbe ukadzale kwa apongozi ako."