Mitengo ya Kumanda Kwathu

Amayi anga ankagulitsa bowa ndi masuku pamsika wa ku Old Town. Ankazitola m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi wathu, ndipo ine, mtsikana wamkulu kale, ndinkawasenzera dengu.

Chaka china kunabwera mathirakitala. Tinangouzidwa kuti malowo apatsidwa kwa bwana wina wamkulu, atsegulepo esiteti ya fodya. Misuku ndi mitondo inagwa, n'kukathera m'mabalani owotcheramo fodya. Masiku amenewo munthu sunkafunsa zambiri, pakamwa pankatengetsa anthu. Amuna a m'mudzi ankangoyang'ana pansi.

Koma zikhomo za malire a esitetiyo zitafika kumanda, kumene kunagona bambo anga, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kundiuza kuti tikupita ku Area 10, kunyumba kwa bwanayo. Njira anawalozera ndi mnzawo wa pamsika, mayi wachisilamu wogulitsa mandasi, amene amuna ake ankasoka zovala za m'nyumbamo.

Mlonda anatikaniza pageti. Amayi anakhala pa kapinga n'kutambalala, nati adikira. Dzuwa linafika paliwombo mpaka kupendeka. Ine mantha anandigwira, ndinawapempha kuti tibwerere, koma anangondinyemera chinangwa.

Galimoto ya bwanayo itafika, amayi anagwada mwaulemu n'kuyankhula.

"Bwana, minda munatenga, tinakhala chete. Nkhalango munatenga, tinakhala chete. Koma pansi pa mitengo yatsalayo pagona amuna anga. Kodi kwanuko manda amalimapo fodya?"

Bwanayo anawayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa dzina la mudzi wathu, kenako analowa m'nyumba. Masiku otsatira tinkangotchera khutu kumsewu, kuyembekezera kuti apolisi abwera kudzatitenga. Sikunabwere munthu. M'malo mwake kapitawo wa paesiteti anazula zikhomo zija n'kukazikhoma patali ndi manda.

Zina zonse zinapita ndithu. Bowa anasowa, dambo linayamba kuuma msanga, ndipo asuweni anga analowa utenanti pa nthaka imene makolo awo ankalimapo mwaufulu. Amayi anayamba kuoda tomato, ndipo anatilera ndi geni imeneyo popanda kudandaula.

Anthu a m'mudzi ankati amayi anangochita mwayi kuti sanamangidwe. Iwo ankakana. Ankati tsiku limenelo anachoka pakhomo akudziwa chimene akupitira, ndipo akanakanizidwa akanabwereranso m'mawa mwake.