Supuni ya a Frank

Fungo la fumbi lopserera pa hita limandibwezerabe ku Nechells, kudziko la azungu, m'nyengo yozizira ija ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala m'fulati ya khansolo, ndipo paipi ya madzi otentha inkachoka kuchipinda kwanga n'kutsikira kwa a Frank, mzungu wokalamba wa pansi pathu.

A Frank anagwirapo ntchito ya wailesi m'sitima zapanyanja. Ndege ikakhala pakati pa nyanja, mawu ake osafika kumtunda, iwo ankalandira uthengawo n'kuutumiza kutsogolo pa Morse, zizindikiro zazifupi ndi zazitali. Ankandiphunzitsa pamasitepe ndi supuni, juzi yawo ikununkha fodya: kugogoda ndiye chachifupi, kukanda ndiye chachitali. "Wapawailesi safunsa wolakwa," ankatero. "Akamva kuitana, amapereka uthenga."

Kwathu kunali nkhondo. Amayi anali namwino wausiku. Abambo, amene ku Blantyre anali bwana, ankasenza makatoni ku Oldbury, ndipo ukali wawo wonse unkathera pa amayi. Akuluakulu akutchalitchi ankabwera, kutimwera tiyi, n'kunena kuti banja ndi kupirira. Ndinkadana nawo, ndipo sindinasinthe.

M'mawa wina amayi atangofika, asanavule n'komwe yunifolomu, ndinamva mbale zikusweka, kenako mutu ukumenyetsedwa pa firiji. Ndinasuzumira. Magazi anali ponseponse pamatailosi, dzino lili pafupi ndi nsapato, abambo atawakanikiza pakhosi ndi bondo. Amayi anali atasiya kukuwa. Foni inali m'thumba mwa abambo.

Ndinathamangira kuchipinda n'kugwira supuni. Ndinagogoda paipi katatu, kukanda katatu, kugogodanso katatu, monga imachitira sitima ikamamira. Paipi inayankha kuchokera pansi, a Frank n'kuimbira apolisi. Apolisi anathyola chitseko amayi akupumabe, ndipo abambo sanagonenso m'nyumba ija.

Nthawi imeneyo ndinkanyada kuti masewera athu apulumutsa amayi mwamwayi. Nditakula, amayi anandiuza kuti pansi pa fulati ija sipankabisa kanthu, a Frank ankamva zonse chiyambire. Anaitanapo apolisi, amayi n'kuwabweza pakhomo ponena kuti angogwa pamasitepe. Ndiye mkuluyo anafufuza m'nyumba mwathu munthu amene akanaitana osabweza mawu, n'kumupatsa supuni.