Kalata ya Amake Pilato

Jailosi Makawa sanalembedwepo ntchito ku Boma, komabe palibe amene anathetsa mapazi pakhomo la Boma ngati iyeyo. Mwendo wake wamanzere unaphwanyidwa ndi mtengo wa mkungudza pamene ankatsitsa matabwa m'phiri, ndipo unapola mokhota. Miyezi inayi imene anagona kuchipatala cha mishoni inamutsegula maso. Anaona kuti thandizo lilipo ndithu, koma wakhungu ndi wopuwala sangalifike okha.

Kuyambira pamenepo anakhala woperekeza anthu. Nkhalamba ya chilonda ankaitengera kwa dokotala. Dokotala akalemba kapepala, Jailosi ankapita nako kwa kalaliki wa ku Boma, kalaliki nkukapereka kwa mzungu kuti adinde. Ankadziwa ngakhale msilikali amene amalola odwala kudikira pamthunzi. A ku Thuchila ankamuseka kuti ndi Boma lotsimphina, mwiniwake nkumaseka nawo uku akulandira nandolo ndi chinangwa.

Nkhondo ya Jeremani itakula, Boma linayamba kugwira amuna kuti akasenze katundu wa asilikali, ndipo ambiri sankabwerako. Mpata unalipo umodzi. Mwana yekhayo wosunga kholo lolumala ankatha kusiyidwa, koma kalaliki ankayenera kuliona khololo ndi maso ake.

Amake Pilato anali akhungu. Anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kwa Apwitikizi, atagwira ndodo mbali ina, mwana wawo Pilato atagwira mbali inayo. Jailosi anapita kwawo kukawachenjeza.

"Lachinayi kalaliki abwera. Mayi akhale pakhonde pompano, awaone."

"Tamva, achimwene," anatero Pilato.

Kumva anamvadi, koma mantha a kwawo anamuposa mphamvu. Kumene anachokerako, asilikali akafika pamudzi ankagwira wofooka kuti amphamvu adzipereke okha. Ndiye Pilato atangoona zisoti zofiira za asilikali m'njira, anabereka amake nkukawabisa m'munda wa mapira, monga ankachitira kale. Kalaliki anapeza mwamuna wamphamvu ndi nyumba yopanda munthu. Anamumanga chingwe pomwepo.

Tsikulo Jailosi anali kuchipatala ndi wodwala wina. Atafika m'mawa mwake anawapeza mayiwo m'mapira momwemo, milomo itauma, akudikirabe kuti mwana adzawatenge. Mtima unamupweteka, ndipo anakwiya, koma womukwiyira panalibe. Anabwereka machila kuti awatengere kuchipatala. Poti amuna anali atatha m'mudzimo, onyamula anali amayi anayi.

Dokotala anayang'ana m'maso mwa mayiwo nkulemba msanga. Kalaliki atawaona anazyolika, koma anati mzungu ali paulendo. Jailosi anadikira pakhomo la Boma masiku atatu. Kalata itadindidwa, Jailosi anaimanga m'nsalu nkuyamba ulendo wa ku Muloza, kumene osenza katundu ankawasonkhanitsa. Anayenda mpaka mwendo unatupa ngati mtondo.

Pamtsinje anapeza phulusa la moto ndi msilikali mmodzi, amene anaitembenuza kalatayo uku ndi uku.

"Kalata njabwino, bambo, koma awoloka dzulo. Kutsidyako si kwathu."

Jailosi anabwerera, nkuwatengera amake Pilato kunyumba kwake. Mkazi wake Estele anangowayalira mphasa.

Kuchokera tsiku limenelo Jailosi analeka kungosiya mawu. Akamva kuti kalaliki akupita kumudzi wakuti, ankafikako m'mamawa, nkukhala pakhonde atagwira dzanja la nkhalamba kuti abale asaithawitse. Ena ankamutukwana kuti wagulitsa anthu kwa azungu, iye osataya dzanjalo. Amuna asanu ndi awiri anatsala kwawo chifukwa cha khama limeneli, ndipo adzukulu awo alipo mpaka lero ku Chonde.

Nkhondo inatha. Obwerera anabwerera, owonda, ena opanda zala za kumapazi. Pilato sanali nawo, ndipo panalibe amene anaona pamene anagwera.

Mayi aja anakhalabe ndi moyo zaka ziwiri. Kalata ija ankaisunga m'kachibekete pamutu pa mphasa, ndipo akamva ndodo ya Jailosi pabwalo ankaitulutsa.

"Mwanawanga, tandiwerengerani."

Jailosi ankakhala pansi nkuwerenga pang'onopang'ono kuti Pilato, mwana wa mayi wakhungu, asatengedwe.

"Chidindo chilipo?"

"Chilipo, mayi."

"Ndiye abwera," ankatero, nkuipindanso bwinobwino.