Tsiku lomwe ndinaloza aMakwinja chala

Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina. Bwana wina wa ku unduna wa za chitetezo cha m'dziko anabwera pa Lirangwe kudzatifotokozera ntchito yawo, yoteteza anthu ndi kudziwa amene akulowa m'dziko muno. "Mukaona obwera osadziwika, tiuzeni," anatero.

Ine pofuna kuseketsa anthu ndinadzuka n'kuloza mnzanga aMakwinja. "Bwana, obwera ndi awa! Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, opanda n'kapepala komwe."

Anthu anafa nacho chiseko. Bwana uja sanaseke, anangotulutsa cholembera. M'malo monena kuti n'zocheza, ine ndinawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Kuphazi kunali patapata.

Chikhalirecho aMakwinja ankadikira pasipoti yoti akaonere mwana wawo wodwala ku Joni. Poopa kuti awakaniza, mkuluyo anagwedezeka pa kabaza sabata yathunthu, kufika mpaka ku Chileka, kusakasaka kalata ya ubatizo ya malemu bambo awo. Zonsezo pachabe! Bwana uja ankangolemba mayina a obwera kumsonkhano.

Chondinyansa n'chakuti agogo anga anawoloka malire limodzi ndi agogo awowo, akusinthana kusenza mphasa imodzi. AMakwinja akudziwa bwino zimenezi.

Dzulo ndinapita kukapepesa. "Odi kuno!"

Anasuzumira pawindo n'kuitana akazi awo. "Mayi, pakhomo pano pali obwera osadziwika. Tawafunsani mapepala."

Ndinapisa m'thumba, dzuwa likundiwotcha padazi. Chiphaso ndinali nditachisiya kunyumba.